Bowo pa Mutu wa Buku

Kuseri kwa nyumba zosanjikizana za ku Pangani, mumzinda wa Nairobi, pakati pa waya woyanikapo zovala ndi khoma la galaja, panali kamalo kamene a Medson Likongwe ankakatchula kuti chipululu. Sankanena monyoza. Iwo ankagwira ntchito ku bungwe la mayiko ambiri loona za chilengedwe, mu nthambi yolimbana ndi kufalikira kwa zipululu, ndipo anali atakafikako ku Marsabit, dera louma la kumpoto kwa Kenya, pa galimoto ya ntchito. Atabwerako anaima pa kamaloko, nafukula dothi ndi nsonga ya nsapato, n'kugamula kuti zizindikiro zonse zolembedwa m'mabuku a ku ofesi zinalipo. Chosowa chinali ngamila yokha.

M'chipululu chimenechi mkazi wawo, Deliwe, ankalimamo mkhwani.

Deliwe kwawo kunali ku Phalula, kumene mitambo imadutsa ngati basi yodzaza kale, choncho dothi louma silinkamuopsa. Kumudzi anali mphunzitsi wa pulayimale. Ku Nairobi analibe chilolezo chogwirira ntchito, mwana wawo Joanna anatsala ku Malawi pa sukulu yogonera pomwepo, ndipo nyumba ya zipinda ziwiri inkatha kusesedwa tiyi asanazizire. Nthawi yotsalayo anaigawa pawiri, ina ya dimba, ina ya buku.

Tsiku limene anakapempha malowo kwa mkulu woyang'anira nyumbazo, analankhula Chiswahili chake cha kumsika, ndipo pamene mawu anamuthera anaikapo a kwawo. Anati akufuna kupanga dimba. Mkuluyo anayang'ana kamaloko, namuyang'ananso iye, n'kunena kuti ngakhale goli imodzi singakwanepo. M'Chiswahili dimba ndi bwalo la mpira. Atamvana, mkuluyo anavomera msanga, poti anali wotsimikiza kuti palibe chimene chingamerepo.

Koma chinamera. Deliwe ankakumba maenje, n'kuthiramo manyowa a nkhuku amene ankakatenga kwa mayi wina wa ku Eastleigh. Pambali pa phando lililonse ankakwirira kachitini kobooledwa ndi msomali, kuti madzi azipita kumizu osati kudzuwa. Pamwamba ankaphimbira ndi masaka akutha. Nthanga za maungu anachita kubwera nazo kuchokera kumudzi, zitasokeredwa m'kansalu.

M'chaka cha 1984 mvula ya mu Malichi sinabwere. Mipopi ya ku Pangani inkatsokomola m'mawa, n'kulavula madzi pang'ono, kenako zii. A khonsolo analetsa kuthirira maluwa ndi kutsuka galimoto. M'masitolo anthu ankaima pamzere kudikira ufa wachikasu. M'nyumba mwa a Likongwe munakhazikitsidwa lamulo loti dontho lililonse ligwire ntchito ziwiri lisanapume. Madzi otsukira mpunga, otsukuluzira mbale ndi otsala posamba, onse ankatsikira kuseri m'ndowa. A Medson, munthu wa madigiri awiri, anaphunzira kusamba ataima m'beseni.

Buku lake linali la zomwezi. Ankalembera amayi a kwawo, amene chilimwe chikafika amangodya mfutso mpaka lilime kuiwala mtundu wa tsamba laliwisi. Poti anali asanalembepo buku, analembetsa maphunziro a pakalata amene anawaona mu nyuzipepala. Maphunzirowo ankachokera kutsidya la nyanja. Phunziro loyamba linati munthu alembe zimene akuzidziwa, ndipo Deliwe anagwirizana nalo. Lachiwiri linati mlembi azilemba m'mamawa asanagwire ntchito ina iliyonse. Apa Deliwe anazindikira kuti mwini maphunzirowo analibe dimba, chifukwa m'mamawa ndi nthawi yothirira. Ankathirira kaye, n'kusamba m'manja, n'kukhala pa taipi yakale imene a Medson anaipeza ku ofesi itapuma ntchito.

Phunziro lina linati mlembi apeze munthu womuwerengera amene si m'bale wake. A Medson anali atawerenga kale machaputala onse asanu ndi anayi, ndipo anati zili bwino kwambiri, ndi nkhope yomweyo imene ankanenera za malipoti a abwana awo. Panafunika munthu wina.

Amalawi a mu Nairobi sanali ambiri, ndipo onse anatchula dzina limodzi. A Greyson Mtambalika ankagwira ntchito yomasulira mabuku ku bungwe lina la mipingo, ndipo ankakhala ku Parklands pa nsanjika yachitatu. Asanabwere ku Kenya anaphunzitsapo Chichewa ku sekondale. Anthu ankati bamboyu amatha kumva pakamwa pa munthu kuti apa waika l pamene pamayenera r. Chachikulu chinali chakuti mnzawo wa kusukulu anali mkonzi pa kampani ina yosindikiza mabuku ku Blantyre, ndipo mkonziyo sankamasula phukusi lopanda kalata ya munthu womudziwa.

Choncho Deliwe ankafuna chinthu chimodzi: kalata ya a Mtambalika, isanafike Disembala. Mwezi umenewo a Medson ankapita kumudzi kutchuthi ndipo akanatha kunyamula bukulo pamanja. Tchuthi china chinali patapita zaka ziwiri. Za positi sankaziwerengera, poti masiku amenewo mapepala ochokera kunja ankafika atawerengedwa kale ndi anthu amene sanawatumiziridwe, ndipo ena ankawakonda kwambiri osawapititsanso.

A Mtambalika anafika Loweruka lina mu Epulo, atavala suti yotuwa, cholembera chofiira chili m'thumba la pachifuwa. Atamwa tiyi anatenga tsamba loyamba. Pamwamba pake panalembedwa mutu wa buku ndi zilembo zazikulu: MKHWANI WA M'CHIPULULU. Anauyang'ana nthawi yaitali.

"Nkhwani," anatero. "Ndi n, mayi."

Anadula M ndi mzere wofiira. Kenako anasuntha mipumiro ingapo, nachotsa "ndipo" n'kuikapo "ndiponso". Atafika kumapeto kwa chaputala choyamba anatseka cholembera. Anati chaputala choyamba ndiye khomo la nyumba, ndipo iwo sangalowe kuchipinda khomo lili lopendekeka. Anati sichinapse, abweranso Loweruka.

Powaperekeza anadzera kuseri, poti ndiko kunali njira yachidule yopita pokwerera minibasi, zimene kumeneko amati matatu. Atafika pa dimba a Mtambalika anaima. Mkhwani unali utayanga pamwamba pa masaka, masamba ake obiriwira ngati sakudziwa kuti kunja kuli chilala. Bamboyo anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Ananena, ngati akuuza khoma la galaja, kuti akazi awo a Margaret anapita kumudzi kukadwazika amayi awo chaka chatha ndipo sanabwerebe. Chichokereni iwo ndiwo zamasamba zinali sukuma wiki, repu wa ku Kenya, Lolemba mpaka Lamulungu.

Mlendo sabwerera chimanjamanja. Deliwe anathyola masamba anthete, nawakulunga mu nyuzipepala. A Mtambalika anakana monga mwa mwambo, kenako analandira ndi manja awiri.

Madzulo ake Deliwe anapaka mankhwala oyera ofufutira pa M, nauzira kuti aume, n'kutaipapo N.

Loweruka lotsatira a Mtambalika anati aganizanso mofatsa. Mawuwa ali m'gulu limodzi ndi mtengo, mpiru ndi mkate, ndipo malamulo a galamala salola kuti ayambe ndi n. Anadula N, nabwezera M. Anabwezeranso "ndipo" mmodzi. Chaputala chinali chisanapsebe. Anadzera kuseri.

Mu Meyi anati chinenero ndi cha anthu, osati cha mabuku, ndipo pamsika wa ku Limbe palibe mayi amene amatchula m. Mu Juni anati pamsika si pamene pamakonzedwa chinenero cha dziko. Deliwe ankafufuta ndi kutaipa. Ankaona kuti kulemba buku n'kovuta ndithu, monga mmene maphunziro a pakalata anachenjezera, ndipo ankathokoza kuti wapeza munthu wosamala chonchi. Mankhwala ofufutira anaunjikana pa chilembo choyambacho mpaka panatuluka kachulu, moti chala chinkakamva munthu asanayang'ane.

Kuseri nako zinthu zinasintha. Mkhwani wothiriridwa ndi madzi a m'beseni uli ndi malire ake. Masamba anthete onse ankapita ku Parklands, ndipo pofika Loweruka lina atsopano anali asanakule. Mitsitsi inayamba kuoneka, yotuwa ngati zingwe. A m'nyumbamo anabwerera ku sukuma wiki.

Tsiku lina a Medson anaima pa dimbapo manja ali kumbuyo. Anati malinga ndi kafukufuku wa ku ofesi, chimene chimakulitsa chipululu kwambiri si kusowa kwa mvula, koma kudyetserapo ziweto mopitirira muyeso.

"Bambo a Joanna, amene aja ndi munthu wamkulu," anatero Deliwe.

A Medson anati iwo sanatchule dzina la munthu.

Mu Ogasiti, mwezi umene Nairobi amakhala ndi mitambo yozizira yopanda dontho, a Mtambalika anabwereranso ku n. Kachulu kaja kanali katakula moti taipi sinkathanso kulembapo. Deliwe anatenga lezala kuti apale. Anapala pang'onopang'ono, kenako kachulu konse kanathothoka pamodzi ndi pepala lake. Pamutu pa buku panatsala bowo lokwana nsonga ya chala, kutsogolo kwake kuli KHWANI WA M'CHIPULULU.

Anakweza pepalalo kuti aone kukula kwa ngoziyo. Kudzera pabowopo, kupyola pawindo, ankaona dimba lake, mitsitsi ili pamtunda. Kenako anatsitsa pepalalo, natenga machaputala ena asanu ndi atatu aja. Anali oyera, opanda kadontho kofiira. Phini amene anawamangira mu Epulo anali atachita dzimbiri pamalo pomwepo.

Sanakwiye msanga, chifukwa panalibe pokwiyira. Munthu wamkulu sungamuuze kuti, bambo, mukudya buku langa. Kusiya kuwapatsa mkhwani kukanakhala mwano, ndipo mwano sulemba kalata. Kupitiriza kuwapatsa ndiye kuti chaputala choyamba chidzapsa tsiku limene dimba lidzafe. Deliwe anaganiza zimenezi akuthirira, akusesa, ali pamzere wa ufa. Pofika Lachisanu anali atapeza chitini chachikulu cha mafuta a nyale, chimene kumeneko amati debe.

Loweruka a Mtambalika anaona bowo lija ndipo sanafunse. Anasuntha mpumiro umodzi. Atadzera kuseri anapeza debe lodzaza dothi lili panjira, pambali pake pali kachitini kobooledwa ndi nthanga zitatu m'kapepala.

"Lero mkhwani wapuma, aphunzitsi," anatero Deliwe, atapinda mawondo pang'ono. "Koma ndinaona kuti si bwino munthu wamkulu ngati inu kumadalira dimba la eni. Ili ndi lanu. Mukaliike pakhonde."

A Mtambalika anayang'ana debe, nayang'ana mitsitsi yotuwa ija. Anati iwo chibadwire sanalimepo m'chitini, ndipo sakudziwa poyambira.

"Zonse zili m'chaputala chachinayi," anatero Deliwe, nawapatsa bukulo lonse m'jumbo.

Anawaperekeza mpaka pamsewu. Kondakitala wa matatu anafuna kudziwa ngati debelo likhala pampando kapena pamiyendo, chifukwa mitengo yake ndi yosiyana. A Mtambalika analikhazika pamiyendo, pamwamba pa suti yotuwa, nkhope ili kutsogolo.

Kwa milungu ingapo sanabwere. Deliwe anamva kutchalitchi kuti nthanga zamera ndipo bamboyo akuuza aliyense. Dimba lake nalo linapuma, masamba n'kuyambanso kubisa mitsitsi. Ankayenda m'nyumba ngati munthu amene wapambana mlandu popanda kukweza mawu.

Lachitatu lina m'mawa, tsiku losakhala lawo, a Mtambalika anagogoda. Analibe tayi. M'manja munali nyuzipepala yokulungidwa.

"Mayi Likongwe, ndabwera ndi maliro."

Anaitambasula patebulo. Munali timitengo titatu ta maungu, masamba achikasu, m'mphepete mopserera. Deliwe anafunsa ngati anaiwala kuthirira. Iwo anati sanaphonyepo tsiku. Anafunsa kuti ankathirira ndi chiyani. A Mtambalika anatulutsa chaputala chachinayi m'thumba la jekete, natsegula pamene anapinda, n'kuwerenga ndi mawu a m'kalasi.

"Musataye madzi ochapira zovala. Thirani m'kachitini kaja." Anatseka. "Ndachita monga mwalembera. Ndimachapa malaya anga ndi sopo waufa, n'kuthira."

"Ayi, aphunzitsi, si oyambawo, athovuwo. Amenewo amawotcha. Ndimanena omalizawo, otsukuluzira. Zimenezo aliyense amadziwa."

"Ine sindine aliyense, mayi. Ndine wowerenga." Analoza papepalapo ndi chala. "Apa palembedwa ochapira. Mayi wa ku Phalula akadzagula bukuli, inu simudzakhala kumbuyo kwake kuti mumuuze kuti si oyambawo."

Deliwe anatenga pepalalo nawerenga yekha. Panalembedwadi ochapira. Anawerenganso, ngati kuti mawuwo asintha akaona mwiniwake. Miyezi yonseyi ankapala chilembo chimodzi chimene sichikanapha ngakhale nyerere, pamene mawu akupha anali phee pa tsamba la makumi atatu. Anaganiza za amayi a kwawo, atasenza madzi kuchokera kudambo, akuthira thovu pa mbewu zawo chifukwa mphunzitsi wa ku Nairobi watero.

A Mtambalika anali asanamalize. Munthu amene wayembekezera ndiwo mwezi wathunthu n'kuziona zikufa amawerenga mosiyana ndi munthu wokhuta. Anali atawerenga bukulo lonse, ndipo cholembera chofiira chinali chitagwira ntchito yake yeniyeni. Buku linati boolani kachitini, koma silinanene kuti pansi kapena m'mbali. Linati thirani manyowa a nkhuku, osanena kuti akhale owola. Chaputala chachiwiri chonse chinali kuyamikira mkhwani, ndipo iwo anati munthu amene wagula buku la mkhwani safunika kumunyengerera kuti mkhwani ndi wokoma. Za M ndi N sanatchuleko.

Deliwe anafunsa, mawu ali pansi, ngati kalata ija ingalembedwebe isanafike Disembala.

"Kalata ndidzalemba ndikadya," anatero a Mtambalika. "Mundipatse nthanga zina. Ndidzachita zokhazo zimene zalembedwa. Pakamwa musandiuze kanthu. Chimene mukufuna kundiuza, lembani."

M'kansalu kaja munatsala nthanga zochepa, zomalizira za kumudzi. Deliwe anazikhuthulira m'dzanja lawo. Unali mwezi wa Okutobala. Mkhwani wosamalidwa bwino umathyoledwa pakatha mwezi ndi theka, ndipo wosamalidwa ndi munthu womasulira mabuku palibe amene ankadziwa.

Kuyambira pamenepo kalembedwe kake kanasintha. Ankapita kuseri m'mamawa monga kale, koma tsopano ankachita chilichonse pang'onopang'ono, akuyang'ana manja ake ngati ndi a munthu wina. Anapeza kuti manjawo ankachita zinthu zambiri zimene sanamuuzepo. Ankapisa chala m'dothi asanathire madzi. Ankatembenuza tsamba kuona kunsi kwake. Ankasiya mpata pakati pa masaka ndi tsinde kuti lisaole. Akaona chimodzi ankathamangira pa taipi, nthawi zina osasamba m'manja, moti masamba ena a bukulo anali ndi zidindo za dothi la ku Pangani. Maphunziro a pakalata ankabwerabe. La mwezi umenewo linali la mmene mlembi angaphere munthu m'nkhani owerenga osadziwa wakupha. Deliwe analiika pansi pa mwendo wa tebulo umene unkagwedera.

A Mtambalika ankabwera Loweruka lililonse ndi lipoti. Ankakhala pampando, n'kunena zimene debe lachita sabata imeneyo, ndipo Deliwe ankaluma mlomo. Tsiku lina anati kunsi kwa masamba kwabwera tizilombo tobiriwira tating'ono, ndipo afufuza m'buku lonse, mulibe. Deliwe anatsegula pakamwa. Iwo anakweza dzanja. Anakhala pomwepo akumwa tiyi, iye akutaipa tsamba latsopano la nsabwe za m'masamba ndi kawazidwe ka phulusa. Atamaliza analiwerenga, nafunsa ngati phulusalo likhale lotentha. Deliwe analanda pepalalo, nalibwezera mu taipi, n'kuwonjeza kuti lozizira.

Podzera kuseri ankaimabe pa dimba, koma sankalandira kanthu. Anati woweruza sadya kwa woimbidwa mlandu.

Mu Novembala mvula inagwa. Inagwa yeniyeni, ya matope ofiira, anthu a ku Pangani n'kutulutsa ndowa ndi mabeseni pabwalo. A Medson anayendera kuseri ndi ambulera, nalengeza kuti malowo achotsedwa m'gulu la zipululu mpaka mtsogolo muno. Deliwe anasangalala kawiri, chifukwa cha dimba lake ndiponso chifukwa cha debe la ku Parklands, limene tsopano Mulungu mwini akanalithirira.

Loweruka a Mtambalika anati asade nkhawa, debe silinanyowe. Mvula itangoyamba analikokera mkati, pafupi ndi windo.

Deliwe anaiwala pangano. "Aphunzitsi, mvula ndi yaulere. Ingolisiyani panja masiku awiri okha."

"Bukuli mutu wake ukuti m'chipululu," anatero iwo. "Mukafuna mvula, lembani lina."

A Medson, amene ankamvetsera ali kuseri kwa nyuzipepala, anati mwasayansi bamboyo akulondola. Madzulo amenewo anasambanso ataima m'beseni, ngakhale mipopi inali itayamba kutuluka, ndipo sanauzidwe chifukwa chake.

Ndege ya a Medson inali ya Lolemba. Loweruka lomaliza masutikesi anali atatsegulidwa pabalaza, muli nsalu za kanga za achibale ndi nsapato za Joanna. Buku linali litataipidwanso lonse, lafupika ndi chaputala chimodzi n'kutalika ndi china, litamangidwa ndi ulusi. Tsamba loyamba lokha ndilo linali lakale lija, poti Deliwe sankadziwa chilembo choti aikepo. Nthawi ya tiyi inakwana, a Mtambalika osaoneka. Deliwe anasesa pabalaza posesa kale. Anapita kuseri, nabwerako, napitanso. A Medson anati mwina maliro achiwiri ndi ovuta kunena, kenako anaona nkhope ya mkazi wawo n'kupita kukapukuta nsapato.

Dzuwa litapendeka kunamveka kugogoda. A Mtambalika anali mu suti yotuwa ija, tayi ali pakhosi. Anakhala pansi, nafunsa za ulendo, za thanzi la a kumudzi, za mtengo wa sutikesi yatsopanoyo. Atatha zonsezo anaika patebulo nyuzipepala yokulungidwa, pamwamba pake envulopu yomata.

Anati anadya dzulo, wotendera. Nsinjiro anachita kusinja ndi botolo. Awa ndi otsala, abweretsa ngati umboni.

Deliwe anatenga envulopuyo ndi manja awiri. Inali ndi dzina la mkonzi wa ku Blantyre, lolembedwa ndi inki yabuluu. Anailowetsa pansi pa ulusi wa bukulo. Kenako anakumbukira tsamba loyamba. Analisolola, nalipereka, nafunsa kuti pomaliza penipeni aikepo chiyani.

A Mtambalika anakweza pepalalo, nasuzumira pabowopo. Diso lawo linaoneka mbali inayo, likuphethira.

"Onse awiri amadyedwa, mayi," anatero. Anatsokomola pang'ono. "Lisiyeni choncho. Mnzanga uja amakonda kupeza chokonza. Mukamupatsa buku lopanda bowo adzaboola yekha."

Deliwe anamasula nyuzipepala ija kuti aone umboniwo. Masamba anali asanu, obiriwira bwino, opanda nsabwe. Koma anali akuluakulu, okhakhala ngati lilime la ng'ombe. Anafunsa ngati amene anadya dzulo analinso otere. Iwo anati inde, ndipo kunena zoona anatafuna nthawi yaitali, koma anaganiza kuti ndi mmene umakhalira wa m'chipululu.

"Mwathyola okhwima, aphunzitsi. Buku likuti tsamba lachitatu."

"Ndinathyola lachitatu."

"Kuwerenga kuchokera kuti?"

"Kuchokera kutsinde. Nanga munthu amayamba kuwerenga kuchokera kuti?"

Deliwe anamasula ulusi, nafufuza chaputala chachisanu ndi chimodzi, nasolola tsamba limodzi. Taipi inali itavundikiridwa kale ndi nsalu. Anaivundukula, nalowetsa pepalalo, nalikweza mpaka pa mzere wake, ndipo pamwamba pa mawu oti lachitatu anataipa kuti kuchokera kunsonga. Anamanganso ulusi, naika bukulo m'sutikesi pakati pa nsalu, bowo lili pamwamba.

Powaperekeza anadzera kuseri. Mvula inali itasandutsa chipululu chija tchire, mkhwani utakwera mpaka pa waya wa zovala. A Mtambalika anaima pamalo pawo pa nthawi zonse. Mlandu unali utatha, choncho Deliwe anathyola masamba anthete, achitatu kuchokera kunsonga, akuwaonetsa mmene amachitira. Iwo anakana monga mwa mwambo, kenako analandira ndi manja awiri.

Ali pamsewu kudikira matatu, anafunsa ngati mayi Likongwe anaganizapo zolemba za therere. Anati ndi ndiwo yofunika kwambiri kwa anthu a kumadera ouma, ndipo iwo ali okonzeka kuthandiza Loweruka lililonse. Anawonjeza kuti mawu amenewo nawonso ali ndi nkhani yake, chifukwa ena amalemba ndi l.

Deliwe anati debe lina lilipo.